Kukonza phwando la nyimbo mu holo yaing'ono ya kwanu

Holo imene ndimaikonda kwambiri ndi ya malata, yopanda siling'i, ya mazenera asanu ndi limodzi, ndipo mkati mwa sabata mumasonkhana amayi a banki m'khonde. Koma Lamulungu masana ng'oma ikangolira mmenemo, ana amakwera pa mazenera, agogo amasendeza mpando kufupi, ndipo mnyamata amene sabata yonse amawotcherera zitsulo pamsika amasanduka munthu wina akagwira gitala. Maphwando akuluakulu ngati Lake of Stars kapena Tumaini, yomwe inayamba mu 2014 ku Dzaleka, ali ndi malo ake. Komabe oimba ambiri amaphunzirira kuima pamaso pa anthu m'maholo aang'ono ngati amenewa, a mpingo, a sukulu, a khonsolo. Zimene ndalemba pano ndi za munthu amene akufuna kukonza phwando la anthu 80 kapena 150 pamalo otere, ndipo akufuna kuti likatha loyamba, mwini holo, oimba ndi anthu a m'dera adzamulole kuchita lachiwiri.

Yambani ndi holo, oimba abwere pambuyo

Ambiri amayamba ndi kulonjeza oimba, kenako n'kumathamanga kufunafuna malo. Inu yambani ndi malo. Pitani mukaone holoyo pa nthawi yomwe phwando lidzachitike, ngati ndi 2 koloko masana pitani 2 koloko masana, mumve kutentha kwa malata nokha. Imani pakati muombe m'manja kamodzi mwamphamvu. Mawu akabwerera kangapo, dziwani kuti ng'oma idzameza mawu a woimba, ndipo mudzafunika kupachika zitenje, makatani kapena mphasa kukhoma lakumbuyo ndi m'mbali. Anthu akadzaza, matupi awo amachepetsanso kubwerera kwa mawuko, koma musadalire zimenezo zokha.

Werengani mipando yabwinobwino, osati yothyoka imene yaunjikidwa pakona. Werengani zitseko, ndipo muyese ngati zonse zimatseguka. Lowani m'chimbudzi. Yang'anani masoketi amene ali pafupi ndi nsanja, mulowetsemo chaja ya foni muone ngati ali amoyo. Funsani mwini malo kuti mayunitsi a magetsi amagula ndani, nthawi yotsekera ndi yanji, mipando ikathyoka amalipira ndani, komanso ngati amalola kugulitsa zakudya panja. Zonsezi zilembedwe papepala, nonse musaine, aliyense atenge lake. Mukapereka ndalama yogwirira tsiku, landirani lisiti. Maholo a mpingo ndi a sukulu nthawi zambiri amayendetsedwa ndi komiti, choncho onetsetsani kuti amene mwagwirizana naye ali ndi mphamvu yopereka kiyi.

Kusankha tsiku

Tsiku labwino ndi la kumapeto kwa mwezi kapena masiku oyambirira a mwezi watsopano, anthu ali ndi kangachepe m'thumba. Kuyambira Novembala mpaka Epulo mvula ikagwa pa malata, ngakhale maspika akhale aakulu bwanji, nyimbo sizimveka, ndipo anthu satuluka m'nyumba. Januwale ndi Febuluwale ndi miyezi ya fizi, feteleza ndi njala, tikiti sigulika. Juni ndi Julaye kumazizira usiku, makamaka ku Blantyre, Zomba ndi Dedza, choncho phwando la masana limayenda bwino. Kuyambira Ogasiti mpaka Okutobala ndi nthawi yokoma, koma ndi nthawinso ya maukwati ndi zinkhoswe, ndiye holo ndi zida mugwiretu msanga.

Onaninso ndandanda wa mpira. Tsiku limene Bullets ikukumana ndi Wanderers, anyamata amene mumawadalira adzakhala pa wailesi kapena ku sitediyamu. Ine ndimakonda Lamulungu kuyambira 2 koloko mpaka 6 koloko: mapemphero atha, makolo amabwera ndi ana, ndipo aliyense amapezabe minibasi kapena kabaza.

Masamu achitike musanalonjeze aliyense

Tengani kope. Mbali imodzi lembani zonse zotuluka: holo, zida zokuzira mawu ndi woziyendetsa, jenereta ndi mafuta ake, mayunitsi, zilolezo, mapositala, thiransipoti ya oimba ndi zida, chakudya chawo, achitetezo, ndi malipiro a oimba. Mbali inayo lembani anthu amene mukukhulupirira kuti adzalipiradi pakhomo. Ngati holo imalowa anthu 150, werengerani 70. Gawani zotulukazo ndi 70, ndipo nambala yomwe yatuluka ndiyo mtengo wa tikiti. Mtengowo ukaposa zimene anthu a m'dera lanu angakwanitse, musakweze chiwerengero cha anthu papepala kuti masamu akome. Chepetsani zotuluka: oimba akhale magulu awiri m'malo mwa anayi, zida zikhale zochepa, kapena kapempheni mwini golosale kapena hadiweya wa pafupi kuti alipire mapositala, dzina lake lilembedwe pansi.

Mitengo ya zinthu ikusintha msanga masiku ano, makamaka mafuta, choncho siyani gawo limodzi mwa magawo khumi la zadzidzidzi.

Kugwirizana ndi oimba

Apa ndi pamene mtima wanga uli, chifukwa ndaona oimba akudikira panja pa holo mdima utagwa, zida zili pansi, wokonza phwando atazimitsa foni. Munthu wayeserera masabata atatu, wabwereka gitala, wasiya ganyu, ndipo akubwerera kwawo wapansi. Phwando lotere ngakhale holo idadzaza, lalephera.

Njira zolipirira zilipo ziwiri. Yoyamba ndi mtengo wokhazikika: mwagwirizana ndalama yakutiyakuti, kaya anthu abwera kaya sabwera. Pamenepa perekani theka pasadakhale, theka linalo likhale mu envulopu m'thumba mwanu phwando lisanayambe, lisadalire za pakhomo. Yachiwiri ndi kugawana za pakhomo mutachotsa zolipira. Imeneyi ndi yabwino kwa oyamba kumene, koma imafuna kuti zonse zikhale poyera: oimba aone kope la zotuluka tsiku lisanafike, ndipo aike munthu wawo pakhomo kuti aziwerengera limodzi ndi wanu. Njira iliyonse imene mwasankha, thiransipoti ndi chakudya zikhale zapadera, zisadulidwe pa malipiro. Mawu akuti "bwerani mudzadziwike" si malipiro, ndipo musawanene kwa munthu.

Funsani gulu lililonse mafunso awa: muli angati, mukubwera ndi zida zanji, mukufuna maikolofoni angati, mudzaimba mphindi zingati. Woimba wa gitala imodzi kapena wa bangwe safuna zambiri, koma bandi ya ng'oma, besi, kiyibodi ndi oimba atatu imafuna mikisa, chida cholumikizirapo ndi kusakanizira mawu a maikolofoni ndi zida zonse, ya mabowo okwanira. Kwaya ya anthu 25 imafuna malo oimapo kuposa maikolofoni. Mukadziwa zimenezi ndi pamene mungapite kwa mwini zida.

Posankha oimba, sakanizani. Ikanipo gulu limodzi lodziwika m'deralo lokoka anthu, ndi awiri atsopano. Musaiwale atsikana ndi amayi, pakuti m'makwaya ndiwo ambiri koma pa nsanja ya phwando amasowa. Wandakatulo mmodzi kapena gule wa kwanu, kaya ndi chimtali, chisamba, beni kapena malipenga, amathandiza pamene bandi ina ikuchotsa zida ina ikulumikiza. Mukaitana ovina gule, muwalipirenso ngati oimba, ndipo mufunse akuluakulu awo zimene gule wawo amalola ndi zimene salola.

Kugogoda m'makomo oyenera

Munthu woyamba kumuona ndi mfumu ya deralo, kapena amene amayang'anira buloko ngati ndi m'tauni. Pitani nokha, musatume mwana, ndipo pitani masabata atatu tsiku lisanafike. Mukafika nenani mwaulemu: "Mfumu, tabwera kudzakudziwitsani kuti ana anu akufuna kusangalatsa anthu pa holo paja Lamulungu lakutilakuti." Atchulireni nthawi yoyambira ndi yothera, ndipo muwaitane. Mukachoka pamenepo yendani nyumba zoyandikana ndi holo, muwauze zomwezo, muwasiyire nambala yanu, ndipo nyumba iliyonse muipatse tikiti imodzi kapena ziwiri zaulere.

Kenako lembani kalata ku polisi ya m'dera lanu yowadziwitsa tsiku, malo, nthawi ndi chiwerengero cha anthu. Lembani makalata awiri ofanana, imodzi akudindireni muisunge. Bungwe la COSOMA, lomwe linakhazikitsidwa mu 1992 ndipo likugwira ntchito pansi pa lamulo la umwini wa zaluso la 2016, ndi limene limapereka chilolezo choimba kapena kuliza nyimbo pagulu ndi kutolera ndalama za eni nyimbo. Izi zimakhudzanso nyimbo zimene DJ amaika pa nthawi yopuma. Ena amaona ngati ndi msonkho wongovutitsa, koma ndalama imeneyi ndi ya opeka nyimbo, anthu omwewo amene phwando lanu likufuna kuwakweza. Palinso chilolezo cha zisangalalo chochokera ku bodi yoona za mafilimu ndi zisudzo, pansi pa lamulo la 1968. Funsani mwini holo ngati malo ake ali kale ndi mapepala amenewa, mupemphe kuwaona, ndipo chimene chikusowa mukachifunse ku maofesi amenewa nthawi ikadalipo. Mowa sugulitsidwa popanda chiphaso cha khonsolo. Pa phwando la masana lokhala ndi ana, ine ndimausiyiratu.

Chinthu chimodzi chimene pepala lililonse silingakuthetsereni ndi maliro. Tsiku lina tinakonza zonse, zida zili m'holo, ndipo m'mawa wa tsikulo tinapeza masamba aikidwa pamsewu, nyumba yachitatu kuchokera pa holo. Tinakhala pansi ndi oimba, tinasuntha phwando ndi sabata imodzi, ndipo tinapita kukakhala nawo pa siwa. Tinataya ndalama ya galimoto yonyamula zida, koma Lamulungu lotsatira achibale a nyumba ija anabwera. Choncho pogwirizana ndi mwini holo, mwini zida ndi oimba, muikemo mawu akuti kukagwa zovuta pafupi, tsiku lidzasunthidwa ndipo ndalama yoperekedwa kale idzagwira tsiku latsopanolo.

Kulengeza

Positala ikhale ndi zinthu zisanu zooneka patali: oimba, malo, tsiku, nthawi, mtengo. Imatani pachigayo, pa siteji ya minibasi, kometera, pamsika, mutapempha eni malo. Chithunzi chomwecho chitumizeni pa WhatsApp ndi pa Facebook, ndipo gulu lililonse lijambule kavidiyo ka masekondi 30 likuyeserera, pakuti mawu amakoka kuposa chithunzi. Ngati kwanu kuli wailesi ya m'dera, pitani ndi woimba mmodzi akaimbe pang'ono. Perekaninso kakalata kwa alembi a mipingo ya pafupi. Yambani masabata awiri tsiku lisanafike, mubwereze mwamphamvu masiku atatu omaliza. Matikiti ogulitsiratu pa Airtel Money kapena TNM Mpamba akhale otsikirapo mtengo, ndipo dzina la aliyense wolipira lilembedwe m'kope pomwepo.

Magetsi ndi zida

Konzekerani ngati kuti magetsi a ESCOM adzazima pakati pa nyimbo yachitatu. Jenereta ikhalepo, yoyesedwa, yothiridwa mafuta, ndipo mafutawo mugule masiku angapo m'mbuyo chifukwa pa filing'i siteshoni pakhoza kukhala mzere. Musangofunsa kuti "jenereta ilipo?" Khalani ndi mwini zida muwonkhetse mawatsi a maampu (zida zopatsa maspika mphamvu), maspika, mikisa, kiyibodi ndi mababu, ndipo jenereta ipose chiwerengerocho ndi theka lina. Besi ikagunda imakoka mphamvu mwadzidzidzi, ndipo kajenereta kongokwanira ndendende kamatsamwa. Zinatichitikirapo: woimba ali pakati pa kolasi, mayi wogulitsa zoziziritsa kukhosi analumikiza filiji yake pa waya womwewo, zonse zinathima. Chimene chinapulumutsa tsikulo ndi woimbayo, amene anatsika pa nsanja n'kupitiriza ndi pakamwa pokha, anthu akuomba m'manja, mpaka tinachotsa filijiyo. Kuyambira pamenepo filiji, ketulo ndi makina a mbuliuli sizigwira waya wa zida.

Jenereta ikhale panja, kutali ndi zenera ndi khomo, chifukwa utsi wake umapha ukalowa m'nyumba, ndipo phokoso lake limalowa m'maikolofoni. Muikire munthu mmodzi woiyang'anira, amene akudziwa kuti mafuta sathira injini ikulira. Mawaya akhale athunthu, okhala ndi mapulagi a mano atatu. Waya wosenda wolowetsa m'soketi ndi kamtengo musamulole, pakuti woimba wogwira gitala akhoza kugwidwa ndi magetsi pamlomo akayandikira maikolofoni. Mawaya odutsa poyenda anthu amatidwe pansi ndi tepi kapena avindikiridwe ndi kapeti.

Mu holo yaing'ono, maspika awiri abwino oimika pa mitengo yake amaposa mulu wa maspika asanu ndi atatu. Aikeni kutsogolo kwa oimba, akuyang'ana anthu, pamwamba pang'ono pa mitu. Sipika ikakhala kumbuyo kwa maikolofoni, mawu amazungulira n'kubweretsa kulira kuja kobaya m'makutu. Oimba apatseni kasipika kamodzi kapena kawiri kapansi koyang'ana iwo kuti azidzimva. Poyatsa, yambani ndi mikisa, maampu ndi maspika akhale omaliza. Pozimitsa yambani ndi maspika. Magetsi akazima, zimitsani maspika musanasinthire ku jenereta.

Tsiku lafika

Fikani maola asanu phwando lisanayambe. Sesani, ikani mipando mosiya njira pakati ndi malo ovinira kutsogolo, tsegulani mazenera onse, ikani madzi ndi sopo kuchimbudzi. Zitseko zonse zichotsedwe maloko ngakhale anthu azilowera khomo limodzi. Pa khomo lililonse lotsalalo muike munthu, osati loko.

Kuyesa zida kuthe ola limodzi khomo lisanatsegulidwe. Gulu lodzaimba pomaliza liyese poyamba, lodzayamba liyese pomaliza, kuti zida zake zitsale pomwepo. Yambani ndi mawu a woimba, muwakweze mpaka amveke bwino kumpando wakumbuyo, kenako zida zina zilowe pansi pa mawuwo. Woimba ng'oma mumupemphe mwaulemu kuti achepetse dzanja, pakuti m'holo ya malata ng'oma simafuna n'komwe maikolofoni. Inu yendani holo yonse mukumvetsera, mutulukenso panja mukaime pa mpanda wa nyumba yoyandikana. Ngati simungathe kulankhulana ndi mnzanu pamenepo osakuwa, tsitsani.

Pakhomo pakhale anthu awiri okhulupirika: wina wolandira ndalama, wina wong'amba tikiti ndi kudinda padzanja. Matikiti akhale ndi manambala, kuti pomaliza zotsalira za bukhu zifanane ndi ndalama. Bwerani ndi ndalama zing'onozing'ono za chenji. Mayina a olowa ulere alembedwe kale, gulu lililonse anthu awiri kapena atatu, ndipo mndandandawo ukatsekedwa watsekedwa. Adzabwera ena akuti "ndine mlamu wake wa woimba besi," ndipo wapakhomo ayankhe mofatsa kuti, "Pepani achimwene, dzina lanu palibe, koma tikiti ilipo." Ola lililonse chotsani ndalama pakhomo, muwerenge pamaso pa mboni, mulembe. Ana aang'ono amene aunjikana pazenera, ine ndimawalowetsa chakumapeto, akhale pamphasa kutsogolo, munthu wamkulu akuwayang'anira.

Ogulitsa mandasi, chipisi, kanyenya ndi thobwa apatseni malo panja, kutali ndi jenereta, ndipo mugwirizane kuti aliyense atola zinyalala zake.

Yambani pa nthawi imene munalemba, ngakhale muli anthu 15. Amene asunga nthawi ndiwo ofunika kuwalemekeza, ndipo phokoso la nyimbo ndi limene limaitana ena amene akuzengereza kunyumba. Pulogalamu ilembedwe pa pepala lalikulu, limatidwe kuseri kwa nsanja: dzina, nthawi yokwera, nthawi yotsika. Oyamba apatseni mphindi 20, wamkulu 45 kapena ola. Pakhale munthu woima pambali amene amakweza zala zisanu zikatsala mphindi zisanu. Woyendetsa mwambo atchule mayina a oimba molondola, athokoze mfumu ndi othandiza kamodzi, ndipo asasandutse phwando kukhala msonkhano wa zolankhula. Anthu akafuna kufupa woimba, ikani lichero kapena mbale kutsogolo, ndipo ndalama imeneyo ndi ya woimbayo, si ya phwando.

Kutseka

Nyimbo yomaliza ithe pa nthawi imene munalonjeza mfumu. Anthu akamatuluka, woyendetsa mwambo alengeze tsiku la phwando lotsatira ngati lilipo, ndipo munthu mmodzi aime pakhomo ndi kope lolemba manambala a ofuna kudziwitsidwa. Musanayambe kunyamula mipando, itanani atsogoleri a magulu m'kachipinda, tsegulani kope, werengani ndalama onse akuona, perekani maenvulopu, aliyense asaine. Ngati zalowa zochepa, oimba ndi woyendetsa zida alandire poyamba, inu mukhale womaliza. Onetsetsani kuti aliyense, makamaka atsikana, ali ndi chokwera chomufikitsa pakhomo pake.

Kenako werengani maikolofoni ndi mawaya pamodzi ndi mwini zida, sesani, bwezani mipando mmene munaipezera, ndipo kiyi mupereke m'manja mwa amene anakupatsani. M'mawa mwake dutsani kwa mfumu mukathokoze, mulowenso m'nyumba ziwiri zitatu zoyandikana mufunse kuti, "Amayi, dzulo tinakusokosani kwambiri?" Zimene akuuzani mulembe m'kope lomwe lija, pansi pa chiwerengero cha anthu amene analipira, malita a mafuta amene jenereta inamwa, ndi nthawi imene gulu loyamba linakwera pa nsanja.